Chibangili cha Mphira wa Njinga

Loko wa kabati sanathyoledwe. Galasi lake silinang'aluke, ndipo pansi panalibe ngakhale kachidutswa. Chimene chinasowa m'kabatimo chinali chinthu choti n'kukwana m'bokosi la machesi, koma mayi amene anaitana apolisi anali atalira mpaka utoto wa m'zikope kutsikira m'masaya.

Sajeni Dineo Phalane anaima chapatali pang'ono, kabuku m'manja. Sankakonda kuyandikira anthu olira. Linali Lolemba m'mawa, ndipo m'chipinda cha amisiri cha kampani ya Rooikop Medika ku Silverton munkanunkha mafuta a soseji ya Lachisanu, imene wina anaiwala m'mbale pansi pa tebulo. Ntchentche zinali zitachitapo msonkhano.

"Tayambaninso, Mevrou," anatero Dineo. "Chabedwa n'chiyani kwenikweni?"

Anneke du Preez, mwini kampaniyo, anatola kanthu patebulo n'kumuonetsa. Kanali kansalu kofewa kotalika ngati chala, kokhala ndi kanyale kofiira mkati ndi chingwe cholendewera.

"Anamwino amachitcha chibangili. Timachikulunga kuphazi kwa khanda lobadwa masiku asanakwane. Kuwala kumadutsa m'phazi, makina n'kuwerenga mpweya wa m'magazi ndi kugunda kwa mtima. Mpweya ukatsika makina amalira, namwino n'kuthamanga. Basi. Ife timagulitsa chimodzi marandi 90. A Norvek, a ku Jeremani aja, chawo amagulitsa 700."

Polankhulapo anali atachikulunga kale pa kachala kake kakang'ono. Dineo anaona kuti zikhadabo zonse za mayiyo zinali zopakidwa utoto wofiira, kupatula cha kachala kameneko.

"Ndiye a Norvek akuti mwawabera nzeru?"

"Ali ndi patenti, chikalata choletsa wina kupanga chofanana ndi chawo. Mukuona mphira wakuda wazungulira kanyaleyu? Amatchinga kuwala kwa kunja kuti kusasokoneze makina. Iwo akuti anatulukira zimenezi ndi iwo mu 2014. Ife tikuti palibe chimene anatulukira, mmisiri aliyense wa maso awiri akanaganiza zomwezo. Mlandu wonse wagona pamenepo, Sajeni: kodi chinali chodziwikiratu kapena ayi? Ndipo umboni wathu unali m'kabati umu."

Umboniwo unali chibangili chakale. Mmisiri wina wa pachipatala cha boma, Ntate Josias Kekana, anachimata mphira wa chubu cha njinga mu 2009, kutatsala zaka zisanu kuti a Norvek alembetse chilichonse. Pachingwe chake panali kapepala ka chipatala kokhala ndi deti ndi siginecha ya namwino wamkulu. M'kabatimo chinkakhala ndi zina ziwiri zongofanizira, zimene anapangira maloya kuti azigwiragwira, zofanana nacho ngati mapasa, ndi kapepala komwe. Ziwirizo zinalipo. Chenichenicho ndicho chinapita.

"Mlandu ndi Lachitatu," anapitiriza Anneke. "Maloya a Norvek amva kale, kaya amvera kuti. Andiimbira 8 koloko. Akuti ndikasaina lero isanakwane 5 koloko kuti ndichotsa zibangili zanga m'zipatala zonse, nkhani yatha. Zipatala 41, Sajeni. Mukuganiza kuti zikwanitsa za 700? Azidzasinthanitsa chimodzi ana anayi. Atatu azidzagona popanda wowalondera."

"Makiyi ali ndi ndani?"

"Atatu. Ine, Dokotala Rathebe amene ndi mkulu wa amisiri, ndi Ntate Kekana." Anamina n'kupinda kansalu ka m'manja. "Ntate Kekana ndinawalemba ntchito kuno atapuma kuchipatala, ndinawapatsa kiyi ngati m'bale wanga. Lero ndawabweza pageti. Kafunseni Puleng zimene anaona Loweruka."

* * *

Ausi Puleng, wokolopa pakampanipo, anali kukhitchini akudya magwinya, mandasi a kumeneko, m'pepala la nyuzi. Sanadzuke. Anamuyang'ana Dineo kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi.

"Ndiwe Phalane wa ku Mamelodi kapena wa ku Atteridgeville? A ku Mamelodi ndimawadziwa, ndi anthu abata koma osaphika. Khala pansi, mwana wanga, usandiimire pamutu ngati mfuti."

Dineo anakhala pachigoba cha penti.

"Loweruka munaona chiyani, Ausi?"

"Ndinabwera kudzakolopa, poti Lachisanu anthu anadya ngati afisi n'kundisiyira mabwinja. Cha m'ma 10 ndinaona Ntate Kekana akulowa, chikwama chachikulu kumsana ngati wopita kwawo ku Limpopo. Analowa m'chipinda cha amisiri n'kutseka. Anatuluka 12 koloko, chikwama chomwecho. Nditawapatsa moni anadzidzimuka ngati ndawagwira ndi nkhuku ya eni. Ine ndanena zimene ndinaona, sindinati anaba. Mevrou ndi amene wathamanga nazo."

"Nanga Lachisanu?"

"M'mawa kunabwera loya wathu kudzajambula zinthu zija. Zonse zitatu zinali m'kabati, ndinaona ndi maso angawa poti anandipukutitsa galasi kawiri, munthu wosadziwa ndi kuthokoza komwe. Masana Mevrou anatiotchera nyama panja, akuti kutilimbitsa mtima za mlandu. Tonse tinali panja, Ntate Kekana ndi amene ankatembenuza soseji, akutsokomolera mu utsi."

"Nonse?"

"Kupatula Dokotala. Amene uja sadya mafuta. Amadya masamba osaphika ngati mbuzi, kenako n'kumakathamanga dzuwa lili paliwombo. Galu sakumuthamangitsa, basi sinamusiye, iye kungothamanga. Ndipo masiku ano wayamba kulankhula yekha m'chimbudzi. Si Chingelezi, si Chibunu, chilankhulo china ngati wameza fupa la nsomba. Ndinagogoda kuti ndimupempherere. Akuti n'Chijeremani."

Dineo analemba mawu amenewo n'kuwadula mzere kunsi.

"Udya limodzi?" anafunsa Puleng akumuloza ndi gwinya.

Mafuta anali atayenderera m'nyuzi mpaka kufufuta nkhope ya munthu wa pachithunzi. Dineo anathokoza n'kutuluka.

* * *

Tumelo Rathebe anali dokotala wa mabuku, osati wa odwala. Mu ofesi mwake munali mendulo zambiri kuposa mabukuwo. Zinkalendewera pamsomali uliwonse, ndipo pakona panali nsapato zothamangira mapeya atatu, zotsukidwa bwino, zoikidwa m'mzere.

"Khalani, Sajeni, khalani. Madzi okha ndi amene ndili nawo, shuga ndi poizoni." Anali wowonda, wa mano oyera, wolankhula mofatsa ngati m'busa wa pawailesi. "Mufuna kudziwa kumene ndinali. N'zosavuta. Lachisanu 1 koloko ndendende ndinatuluka kukathamanga, makilomita khumi, m'mbali mwa mtsinje wa Moreleta. Loweruka tsiku lonse ndinali kumpikisano ku Benoni, chithunzi ndi ichi. Lamulungu kutchalitchi ndi mkazi wanga. Wotchi yangayi imalemba paliponse pamene ndaponda, ndipo ndimatumiza pafoni kugulu lathu la othamanga. Ngakhale Mevrou amaziona, poti ndi iwo anatigulira mayunifolomu."

"Ntate Kekana mumawadziwa bwanji?"

Anausa moyo n'kuyang'ana kudenga.

"Ndi bambo anga pantchito imeneyi. Ndili mwana wasukulu ndinaphunzira m'manja mwawo pachipatala paja. Zikundiwawa, Sajeni. Koma munthu wa zaka 71, chifuwa chosatha, nyumba yodontha. Wina atabwera n'kumuonetsa envulopu... Ayi, ine sindinanene kanthu."

Anapukuta diso ndi chala. Disolo linali louma.

"Mukuphunzira Chijeremani?"

"Kungotsegula mutu. Mabuku abwino a ntchito yathu alembedwa m'chilankhulo chimenecho." Anamwetulira. Dzanja lake linali litatola kale chibangili chatsopano patebulo, cholumikizidwa ku kamakina kakang'ono. Osapempha, anagwira dzanja la Dineo n'kumukulunga pakachala. Zala zake zinali zozizira ndi zonyowa ngati nsomba ya m'furiji. Kamakina kanayamba kulira mofulumira. "Mtima 88. Khofi ameneyo, Sajeni, mukudzipha. Taonani wanga."

Anachisamutsira pachala chake. Kulira kuja kunatsika, kukhala kwa apo ndi apo ngati madontho a mpopi wosatsekeka bwino.

"45. Madokotala akandipima amaitana anzawo kuti adzaone."

Dineo anangogwedeza mutu. Atatuluka panja anapukutira kachala kake pathalauza, kawiri.

* * *

Ku Mamelodi anafika 3 koloko itadutsa. Ntate Kekana anali atakhala pansi pa mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba, atavala jekete lakuda la kutchalitchi ngakhale kunkatentha. Anali wamng'ono thupi, manja okha ndiwo anali aakulu, odzaza zipsera za chowotcherera.

"Ndavala kale jekete," anatero. "Amati m'selo mumazizira."

"Sindinabwere kudzakutengani, Ntate. Ndabwera kudzafunsa za chikwama."

Anatsokomola nthawi yaitali, chifuwa chouma chochokera pansi. Kenako analoza pakhonde. Panali chokuzira mawu chachikulu, chakale, chophimbidwa ndi nsalu ya tebulo.

"Cha kutchalitchi kwathu. Chinapsa Lachinayi, ndipo Lamulungu kunali ubatizo. Mevrou analetsa ntchito zapadera pakampani, koma chowotcherera chabwino chili komweko. Ndiye ndinazemba ngati mnyamata wopita kwa chibwenzi. Kabati ija sindinaiyang'ane n'komwe. Ndikaiyang'anirenji? Chinthucho ndinapanga ndine."

"Bwanji simunawauze Mevrou?"

"Sanandifunse, mwana wanga. Anangouza mlonda kuti asanditsegulire."

Ananena zimenezi akuyang'ana nsapato zake. Dineo nayenso anayang'ana pansi, chifukwa anachita manyazi ngati kuti wabweza nkhalambayo pageti ndi iye.

"Munachipanga bwanji, Ntate?"

"Chipinda cha makanda chinali ndi nyale zabuluu zochizira chikasu. Ukayatsa nyale, makina ankapenga. Mwana ali bwino, iwo akulira. Mwana akutha mpweya, iwo ali chete. Anamwino anatopa nawo mpaka kuyamba kuwathimitsa. Sabata imodzi tinataya ana awiri. Ine ndinatuluka panja, ndinadula chubu cha njinga yanga n'kumata kuzungulira kanyale. Makina anasiya bodza. Ndinabwerera kunyumba wapansi tsiku limenelo." Anaseka pang'ono, chifuwa n'kumudula. "Mwezi watha loya wa Norvek anandifunsa kuti ndinawerenga mabuku angati ndisanaganize zimenezo. Ndinati, bambo, dzuwa likakuthobwani m'maso mumayamba mwawerenga buku musanaike dzanja pachipumi?"

Dineo anatsegula kabuku kake. Panali funso limene linkamuvuta chiyambire m'mawa.

"M'kabati munali zitatu zofanana. Wakuba anatenga chenicheni. Anachidziwa bwanji?"

"Ndi maso sungasiyanitse, ngakhale ine. Ziwiri zija n'zakufa, nyale zake siziyaka. Chenicheni uyenera kuchilumikiza kwa Madala."

"Madala ndi ndani?"

"Makina akale a chipatala aja, ali pafupi ndi kabati. Ndi okhawo amene pulagi ya nthawi imeneyo imalowa." Nkhalambayo inadzuka pang'onopang'ono, ikugwira mtengo. "Ngati anayatsa Madala, ndiye kuti anadziyesa."

"Adziyeserenji? Nyale ikayaka ndiye kuti wadziwa kale."

"Manja, mwana wanga. Manja safunsa mutu. Telala amanyowetsa ulusi ndi malovu ngakhale singano ili ndi bowo lalikulu. Ife sitingagwire chibangili choyaka osachikulunga pachala."

Dineo anakumbukira chikhadabo chosapaka cha Anneke. Anakumbukiranso zala zozizira zija.

"Koma makina akazimitsidwa si amaiwala?"

"Buku lake limatero, ndipo aliyense wophunzira amadziwa choncho. Koma magetsi atayamba kuzimazima, anamwino ankataya zonse zimene makina analemba. Ndinawaikira kabatire mkati. Madala amakumbukira masiku anayi."

"Ndani akudziwa zimenezi?"

"Ndani anandifunsapo?"

Foni ya Dineo inalira. Anali Anneke, mawu atasasa.

"Sajeni, loya wa Norvek wafika ndi mapepala. Ndikuona ngati ndingosaina."

"Musagwire cholembera, Mevrou. Ndipo wina aliyense asayandikire makina akale aja."

Anatembenukira kwa nkhalambayo.

"Jeketelo musavule, Ntate. Tiyeni."

* * *

Loya wa Norvek anali pamalo olandirira alendo, mnyamata wa suti yothina, akudya mabisiketi a kampani imene anabwera kudzaitseka. Dineo anamudutsa osamupatsa moni. Nthawi inali itadutsa 4 koloko ndi mphindi khumi.

M'chipinda cha amisiri anaitaniramo Anneke ndi Dokotala Rathebe. Puleng anadziitana yekha, n'kuima pakhomo atatsamira chokolopera. Anneke ataona Ntate Kekana anatembenuzira nkhope kukhoma. Rathebe anatambasula manja.

"Ntate! Mwatidetsa nkhawa."

Nkhalambayo inapita kwa Madala, chibokosi chotuwa chokhala ndi galasi lobiriwira, n'kuchisisita pamwamba ngati ng'ombe. Inadina mabatani atatu. Makinawo anang'ung'udza, kenako kapepala kopyapyala kanayamba kutuluka m'mbali. Ntate Kekana anakang'amba n'kupatsa Dineo osakawerenga.

Panali mzere umodzi wokha.

"Lachisanu, 1 koloko kudutsa ndi mphindi 12," anawerenga Dineo. "Masekondi 40. Mpweya 99. Mtima 46."

M'chipindamo munangomveka ntchentche zija za pansi pa tebulo.

"Tiyesane tonse," anatero Dineo. Anakoka kamakina katsopano ndi chibangili chake. "Ntate, yambani inu."

Mpweya 90, mtima 96.

"Mapapo awa sanaonepo 99 chidwalireni TB," inatero nkhalambayo. "Komanso nthawi imeneyo ndinali ndi soseji m'manja."

Anneke anayesa pa kachala kake kosapaka. Mpweya 97, mtima 108.

"Dokotala?"

Rathebe anaseka, manja ali m'thumba.

"Sajeni, ndi ulemu wonse. Makina a zaka makumi awiri, otoledwa kudzala. Wotchi yake ikhoza kunena kuti lero ndi Khirisimasi. Komanso akazimitsidwa sasunga kanthu, buku lake limanena momveka bwino kuti..."

Anaima. Anayang'ana kapepala kaja, kenako nkhalambayo.

"Wotchi yake ndimaikonza Lolemba lililonse ndi nkhani za pawailesi," anatero Ntate Kekana, akuyang'anabe makina. "Lero lokha ndi limene ndajomba."

"Ine 1 koloko ndinali kumtsinje!"

"Mevrou," anatero Dineo, "tatsegulani foni yanu. Gulu la othamanga. Lachisanu."

Anneke anafufuza pafoni yake. Mapu anatuluka, kamzere kofiira kotsata mtsinje. Pamwamba panalembedwa nthawi yoyambira: 1 koloko kudutsa ndi mphindi 19. Pa kilomita yachitatu, pamlatho, kamzereko kanaima mphindi imodzi. M'munsi Rathebe anali atalembamo yekha kuti chingwe cha nsapato chinamasuka, koma anamalizabe pa nthawi yabwino. Anzake khumi ndi awiri anali atamuombera m'manja.

Dineo anatenga chibangili n'kumuyandikira. Sanafune kukhudzanso khungu limenelo, koma anatulutsa dzanja la munthuyo m'thumba n'kumukulunga pakachala iye mwini.

Kamakina kanayamba mofatsa. 51.

"Maloya a Norvek anaimba 8 koloko lero," anatero Dineo. "Mevrou anatsegula kabati itatsala pang'ono 8 yomweyo. Anawauza ndani?"

64.

"Kuba umboni wa kukhoti si mlandu wa chindapusa, Dokotala. Ndipo a ku Jeremani sapereka chitupa cholowera m'dziko mwawo kwa munthu amene analowapo m'ndende."

83. Kulira kuja kunathina, kudzaza chipinda chonse.

"Inu simukumvetsa," anatero Rathebe. Mawu a m'busa aja anali atatha. "Mlanduwu mukanaluza ndithu! Mukuganiza kuti woweruza angamvere chubu cha njinga? Ine ndili ndi madigiri atatu, ndatha zaka khumi ndikumata zinthu za marandi 90 m'shedi yonunkha soseji. A Norvek andilonjeza labu yangayanga yofufuziramo ku Jeremani. Ana akanazolowera za Norvek, n'zabwinonso kuposa zathu."

"Ana anayi chibangili chimodzi," anatero Anneke motsitsa.

104.

"Ndiye unaona kuti nkhalamba ndi imene ikagone m'selo m'malo mwako?" anatero Puleng ali pakhomo. "Iwe, mwana wa njoka! Ukalankhule Chijeremani chakocho ndi ndowa ya m'ndende, mwina ikakuyankha."

"Chibangili chenicheni chili kuti?" anafunsa Dineo.

Rathebe anavula chibangili chija pachala. Koma Dineo sankayang'ana iye. Ankayang'ana kamzere kofiira pafoni, pamalo pamene kanaima.

* * *

Fungo la pansi pa mlatho linawalonjera asanatsike m'galimoto. Paipi ya zonyansa inali itaphulika chakumtunda, ndipo madzi ankayenda mwaulesi, otuwa, a thovu m'mbali. M'mabango munakodwa matewera a ana, mabotolo, nsapato imodzi, ndi galu wakufa wotupa ngati thumba la chimanga. Rathebe anali atatsala kukampani m'manja mwa wapolisi mnzake wa Dineo. Kunali kutatsala mphindi makumi awiri kuti 5 koloko ikwane.

"Masiku atatu m'madzi amenewa," anatero Anneke, kansalu pamphuno. "Ngakhale tichipeze, kapepala ka deti kasungunuka. Popanda deti ndi chidutswa cha mphira basi."

Ntate Kekana anayamba kupinda thalauza.

"Ayi, Ntate," anatero Dineo. "Chifuwa chanucho."

Anavula nsapato, n'kutsika yekha. Matope anali ofunda, ndipo kufundako n'kumene kunamunyansa kuposa fungo. Anayenda kutsata mzere wa pamene munthu woima pamlatho angaponyere kanthu ndi dzanja lamanja. Anakankha matewera ndi kamtengo, akupuma ndi pakamwa. Kuseri kwa galu uja, pakati pa mabango, panali kanthu konyezimira kakuyandama.

Kanali kathumba kasiliva, kamene amisiri amasungiramo zipangizo zosafuna chinyezi.

Anakwera nako kumtunda n'kukapereka kwa nkhalambayo. Ntate Kekana sanathamangire kutsegula. Anakatembenuza m'manja, akuyang'ana kukamwa kwake. Kanali kotsekedwa mpaka kumapeto, mpweya utafinyidwa, m'mphepete mutapindidwa kawiri.

"Kupinda kawiri," anatero. "Ndinamuphunzitsa ndine, sabata yake yoyamba. Ndinkamumenya pazala ndi pensulo akapinda kamodzi."

Anatsegula. Chibangilicho chinali chouma, mphira wa njinga uli m'malo mwake, kapepala kakuwerengeka bwinobwino, deti ndi siginecha yomwe.

Anneke anaimba foni pomwepo. Anauza mlonda kuti aperekeze mnyamata wa suti uja kugeti ndi mapepala ake, ndipo asiye mabisiketi. Atamaliza anayandikira nkhalambayo.

"Ntate, ine... mukudziwa mmene mutu wanga unalili m'mawa muja..."

Ntate Kekana anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kiyi womangidwa kachingwe ka buluu. Anamuika m'dzanja la mayiyo pamodzi ndi kathumba kasiliva, n'kumupinda zala.

"Lachitatu ndibwera kukhoti, Mevrou, ndikanena zonse. Ndibwera chifukwa cha ana. Koma pageti panu sindidzaimanso."

Anatembenuka n'kuyamba kukwera kumsewu, akupuma pa sitepe iliyonse.

Dineo anakhala pamwala, botolo la madzi m'manja. M'thumba la malaya ake munali kapepala ka Madala, ndipo anakatulutsa n'kukawerenganso. Rathebe anaima pakabati akudziwa bwino za zipatala 41, akumva kuseka kwa anzake panja ndi chifuwa cha mphunzitsi wake mu utsi, mtima wake ukugunda ka 46 ngati wa munthu ali m'tulo tabwino. Unangothamanga atamva za chitupa chake.

Anatsuka mapazi, anatsuka manja. Madzi otsala onse anawathira pa kachala kakang'ono kaja.